Chimbale cha Mayi pa Maliro a Bambo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngati kumene ndinachitako kungatchedwe kugona. Ndinali nditatsamira thumba la mtedza pakhonde la nyumba ya bambo, chikhothi chili kumutu, ndipo chisanu cha mwezi wa Juni chinali chitandilowa m'mawondo. Moto wa amuna unali utasanduka makala. Ena anali atagona chokhala, ena atadzipinda pamphasa atatsamira nsapato zawo. M'nyumba amayi anali atasiya kuyimba. Munkangomveka munthu mmodzi akutsogolera kolona ndi ena ochepa akuyankha mwatulo.

Bambo anamwalira Lachiwiri masana kuchipatala ku Madisi, chifuwa chitawavuta milungu itatu. Ine ndinafika Lachitatu kuchokera ku Lilongwe kumene ndimagwira ntchito, ndipo tsikuli, Lachinayi, linali loika. Bambo anali mkamwini kuno kwa Dzoole. Anachokera kumapiri a ku Ntchisi ali mnyamata, koma anakhalitsa moti abale awo anavomera popanda mkangano kuti agone pafupi ndi mayi.

Ntchito yanga tsiku limenelo inali imodzi yokha. Achemwali anga aakulu, amene ankakhala ndi bambo, anandiuza nditangotsika minibasi kuti bambo ananenanso ali pabedi kuchipatala kuti bokosi lawo likamadzatuluka m'nyumba, mayi ndiwo awayimbire. Mayi anatisiya kale, chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate. Choncho mawuwa ankanena za chimbale chimene chinali pamsomali m'chipinda cha bambo.

Mayi anali wotsogolera nyimbo za pamaliro mu mphakati wathu wa tchalitchi. Anali ndi nyimbo yawoyawo imene mulibe m'buku. Choyankha chake sichinkasintha ndipo aliyense ankachidziwa: "Mutsegulireni, Ambuye, wachokera kutali." Koma mawu otsogolera ankawapeka pomwepo, kutchula munda wa womwalirayo, mayendedwe ake, ngakhale kaukali kake, moti anamfedwa ankalira uku akufuna kuseka. Chaka china fodya atayenda bwino, bambo anagula wailesi ya kaseti yotha kujambula mawu. Tsiku lina Lamulungu anawaseleula mayi kuti amayimbira maliro a mudzi wonse, nanga pa awo adzayimba zotani. Mayi anaitana anzawo atatu, nakhala pakhonde, n'kuwayimbira bambo nyimbo ya maliro awo mwiniwake ali pomwepo, chala chili pabatani. Anatchula khasu lawo, njinga yawo yopanda mabuleki, ndi mmene anafikira kuchokera ku Ntchisi ndi bulangete limodzi. Kumapeto onse anaphulika kuseka. Mayi atapita, bambo ankaimvera kaseti imeneyo Lamulungu lililonse akabwera kutchalitchi.

Ine ndiye ndinabweretsa chitukuko. Ofesi yathu itayamba kugwiritsa ntchito makompyuta, mnzanga wina anaphunzira kusamutsa nyimbo za pakaseti kuziika pa chimbale, chija timati sidi. Kaseti ya bambo inali itayamba kutafunidwa ndi wailesi, iwo n'kumaibwezera ndi bolopeni. Ndinaitenga kupita nayo kutauni, n'kubwera ndi chimbale chonyezimira pamodzi ndi wailesi yanga yoyimba zimbale yoti timverere. Ndinawauza ndi pakamwa panga pano kuti ichi sichitha, chidzatisiya tonse, bola asamagwire kunsi konyezimirako. Achemwali atafunsa ngati angatenge kaseti yakaleyo kuti asolole tepi yake akamange pa nazale ya fodya kuopseza nkhuku, ndinayankha kuti, "Tengani." Bambo anangondiyang'ana, poti mwana wophunzira anali atalankhula. Madzulo ake ndinabwerera ndi wailesi yanga, nditalonjeza kuti ndiwagulira yawo. Zinadutsa zaka zisanu ndi chimodzi ndisanagule.

Kutayamba kuyera, nkhungu inatsika kumapiri n'kuphimba madimba. Adzukulu ananyamula makasu ndi mapiki ulendo kumanda kukakumba. Kuseri kwa nyumba amayi anayala mafuwa m'mizere, ndipo utsi wa nkhuni zaziwisi unkayenda chapansipansi, kulowa m'maso mwa aliyense. Ena ankabwera kuchokera kumjigo ndi ndowa, ena ankasankha nyemba, ena ankadula kabichi m'malichero. Pamsewu panali pataikidwa masamba, ndipo apanjinga ankatsika n'kumakankha mpaka atadutsa. Amayi ambiri anali atamanga nsalu zachipani pamwamba pa madilesi chifukwa cha kuzizira. Nkhope za atsogoleri amene ankatukwanana pawailesi zinakhala moyandikana pamphasa imodzi tsiku lonse.

Ndinalowa m'chipinda cha bambo. Chimbale chinali m'kabokosi kake, kabokosiko katakulungidwa m'kansalu, kansaluko kali m'jumbo, jumbo lili pamsomali pafupi ndi mtanda. Nditatsegula ndinapeza nkhope ya mayi ikundiyang'ana. Bambo anali atatenga chithunzi chimene mayi anajambulitsa ku Madisi, n'kuchidula mozungulira ndi lezala, n'kuboola pakati pomwe pali bowo, kenako n'kuchimata pamwamba pa chimbalecho. Anamata ndi guluu wa machubu a njinga. Fungo lake linali likadalipo pang'ono. Kunsi konyezimira kunalibe ngakhale chidindo cha chala. Lamulo langa analisunga. M'mphepete mwa chithunzicho, cha kumutu kwa mayi, pepala linali litapindika ndi chinyezi cha dzinja zingapo.

Cha m'ma eiti koloko anafika bambo wina wa imvi amene amaonetsa vidiyo ku Madisi. Achemwali anali atamutumira uthenga dzulo lake. Anabwera pa njinga atamanga katoni ya makina, batire ya galimoto ndi chokuzira mawu. Pamasipoko ndi kumbuyo kwa njingayo anali atamangirira zimbale zambiri zokongoletsera. Tinapita kuseri kwa nkhokwe kuti tiyese mwakachetechete.

Anachitenga chimbalecho m'mbali ndi zala ziwiri, n'kuchitembenuza.

"Ichi n'cha pakompyuta, akulu?"

Ndinavomera.

"Izi zimafa zokha. Zakusitolo zimalimbako, koma izi zaka zingapo basi, ngakhale muzisunge m'sutikesi. Mukuziona zili panjingazo? Zonsezo anali maukwati a anthu."

Ndinamuuza kuti changa chinasungidwa bwino. Sanatsutse. Anachiika m'makina, n'kuchepetsa mawu. Chinayamba kuzungulira uku chikukhwekhwereza ngati mbewa ili m'chimanga. Kenako tinamva mawu a malemu bambo akuti, "Yambani, ikujambula." Wina anatsokomola. Ndiyeno mayi, mawu awo aja okwera, osathamanga: "Ndasiya khasu pakhomo." Anzawo anayamba kuyankha, koma asanamalize liwu loyamba nyimbo inakakamira pamodzimodzi, kenako makina anazima. Ndinali nditaiwala kuti mawu a mayi anali a munthu wocheperapo msinkhu kuposa mmene ine ndiliri tsopano.

Tinayesa katatu, ndipo katatu konse chinaima pamalo omwewo. Mwini makina anati pepala lopindikalo likukhula denga la m'kati, ndipo anatembenuka kuti afune lezala m'chikwama chake adule nsonga yokhayo. Nthawi yomweyo lole ya abale a ku Ntchisi inaima pamsewu, ndipo kulira kunabuka pabwalo ponse. Akatekisiti anali atanena kuti mwambo uyamba leveni koloko. Ine sindinadikire. Ndinalowetsa chikhadabo pansi pa pepalalo n'kukoka.

"Dikirani!" anatero bamboyo, koma ndinali nditamaliza.

Chinamatuka mosavuta, ngati khungu la mbatata yophika. Kuseri kwa chithunzicho kunamatirira kansalu kopyapyala konyezimira, kong'ambikang'ambika. M'dzanja linalo ndinatsala ndi pulasitiki yoonekera. Ndinkaona zala zanga kuseri kwake.

Bamboyo anakhala pansi pa katoni yake. "Mawu amakhala kumwambako, akulu, pansi pa utotowo. Kunsiku ndi galasi chabe."

Anachiikabe m'makina, mwina pondimvera chisoni. Sichinalire. Anandiuza kuti mwina guluu anali atachidya kale, ndipo kuti ngakhale tikanadula pepalalo sichikanafika kumapeto. Mwina ankanena zoona. Sindidzadziwa. Anafunsa ngati kutauni kunatsala china. Mnzanga uja anasiya ntchito kalekale, ndipo kompyuta ija inafufutidwa zonse n'kuchotsedwa mu ofesi ine ndikuona. Ndinayankha kuti ndikafunsa. Ndinachita manyazi, kenako ndinachita mantha. Ndinaika chithunzi m'thumba limodzi la chikhothi, pulasitiki m'thumba linalo, n'kupita kukalandira alendo.

Anthu anachuluka kuposa mmene tinkaganizira. A kwa Msakambewa anabwera pa ngolo ziwiri, ng'ombe zikutuluka nthunzi m'mphuno. A ku Ntchisi anakhala paokha pansi pa mtengo wa mango, amuna atagwira zipewa m'manja. Mlongo wa bambo, wokalamba kwambiri, analowa m'nyumba atagwiridwa mbali zonse, akuitana bambo ndi dzina la paubwana limene ife sitinkalidziwa. Cha m'ma teni kunayamba kuwaza kamvula ka chiperoni, kosanyowetsa msanga koma kosaleka. Anthu anadya m'magulumagulu atafunda matumba a feteleza. Ine ndinapatsa moni anthu ambiri ndipo sindikukumbuka nkhope ndi imodzi yomwe. Amayi atatu osiyana anandiuza kuti amva zoti malemu mayi ayimba lero, ndipo mmodzi anati wayenda kuchokera kutsidya kwa dambo chifukwa cha zomwezo.

Achemwali ndinawapeza kuseri kwa khitchini akutsuka m'maso. Mawu anali atawathera ndi kulira kwa masiku awiri. Sindinafotokoze zambiri. Ndinangotulutsa zinthu ziwirizo m'matumba. Anatenga chithunzi, n'kuyang'ana nkhope ya mayi, kenako anachitembenuza n'kuyang'ana kuseri nthawi yaitali.

"Ndiye tiwauza chiyani bambo?" anatero.

Anandibwezera chithunzicho n'kulowa m'nyumba.

Mwambo unayamba mochedwa ndi theka la ola. Woimira banja anawerenga mbiri ya bambo, kuti anali mlimi, kuti anatumikira pakomiti ya tchalitchi, kuti sanakhalepo ndi mlandu ndi munthu. Za njinga yopanda mabuleki sanatchule. Bambo wina wa suti amene ankafuna kudzaima pachisankho anapatsidwa mphindi ziwiri, n'kutenga khumi, mpaka kwaya inamudula ndi nyimbo. Akatekisiti analalikira mwachidule chifukwa cha mvula.

Pa nthawi yoona nkhope ndinali womaliza pamzere wa amuna. Bambo anali atavekedwa jekete lakuda limene ndinawatumizira Khirisimasi ina. Majekete ndinkatumiza, ndi shuga, ndi nsapato. Ndinawerama ngati ndikukonza kolala, n'kulowetsa chithunzi cha mayi m'thumba la pachifuwa, pamodzi ndi zonyezimira zake kuseri. Sindinachite zimenezi chifukwa cha nzeru ina yakuya. Sindinkafuna kuti chikhalenso m'thumba mwanga. Achemwali, amene anakhala kumutu kwa bokosi, anandiona. Adzukulu anakhoma chivundikiro.

Chokuzira mawu chinali chitaikidwa kale pampando pafupi ndi chitseko, chitafunditsidwa pepala la pulasitiki, ndipo panalibe amene anakumbukira kuchichotsa. Adzukulu ananyamula bokosi, nafika pakhomo, n'kuima. Nawonso anali atauzidwa. Kwaya inatseka mabuku. Bwalo lonse linakhala chete, anthu akuyang'ana chokuzira mawu chija, kenako mwini makina, kenako ine. Mwini makina anaweramitsa mutu. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, koma ndinaona mdzukulu wakutsogolo akusintha dzanja.

Mwa anzawo a mayi atatu aja, mmodzi yekha ndiye anali moyo. Achemwali ayenera kuti anali atamunong'oneza. Anaimirira pakati pa amayi, atagwira phewa la mnzake, n'kuyamba ndi mawu onjenjemera: "Ndasiya khasu pakhomo." Amayi onse anayankha pamodzi, mwamphamvu, kuti amutsegulire Ambuye, wachokera kutali. Bokosi linatuluka. Mayiyo anatsegula pakamwa kuti anene mzere wachiwiri, koma sunabwere. Tsiku lojambula lija iye anali woyankha chabe, ndipo zaka zinali zitapita zambiri.

Panalibe amene analowapo m'malo mwake. Amayi anasiya mpata wa mawu a mayi, mulingo wake womwewo, n'kuyankhanso. Anasiyanso mpata, n'kuyankhanso. M'mipata imeneyo tinkamva mapazi m'matope ndi kamvula pa maambulera. Zinatero kuchokera pakhomo mpaka pa mtengo wa mango, mwina kanayi kapena kasanu. Pamenepo mphunzitsi wa kwaya anayambitsa nyimbo ya m'buku, ndipo maliro anapitirira monga mmene maliro onse amayendera.

Njira ya kumanda imadutsa m'mphepete mwa minda ya mtedza, n'kukwera kachitunda. Dothi lofiira linkamata kunsapato. Amuna ankalandirana bokosi osaliika pansi, ndipo mzere wa anthu unali wautali moti akutsogolo atafika, akumbuyo anali asanawoloke kamtsinje. Dzenje linali pafupi ndi manda a mayi, amene simenti yake inali itang'ambika pakona. Akatekisiti anawaza madzi odalitsidwa, ngakhale mvula inali itawaza kale. Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe, nafotsera mwachangu, akulandirana mafosholo. Tinaika nkhata za maluwa a m'mipanda. Ine ndinaitanidwa wachiwiri, ndipo ndinagwada m'matope monga anachitira ena. Pobwerera tinasamba m'manja m'beseni limene linaikidwa panjira yolowera kumudzi.

Pofika folo koloko ngolo zinali zitapita, lole nayonso itanyamuka ndi ambiri a ku Ntchisi. Otsala anapita kukawotha moto kunyumba ya oyandikana nafe. Mwini makina anamanga katundu wake osatsanzika, ndipo ndinangoona zimbale za panjinga yake zikuthwanima patali. Amayi anazimitsa moto, nasonkhanitsa mafuwa pamodzi, n'kugawana mapoto obwereka. Wina anachotsa masamba pamsewu. Mvula inaleka.

Dzuwa likulowa ndinakhala pabedi la bambo. M'nyumba munali fungo la utsi ndi la makandulo, ndipo mphasa zinali zitakulungidwa n'kuimikidwa pakona. Wailesi ya kaseti ija inali pawindo, itafunditsidwa kansalu koluka. Achemwali analowa ndi makapu awiri a tiyi, nakhala pansi atatsamira khoma.

"Ku Lilongwe kuli china?" anafunsa.

"Kulibe."

Anagwedeza mutu ngati ankadziwa kale. Tinayesa kukumbuka mawu a nyimboyo. Iwo ankakumbukira za njinga, ine za bulangete, koma sitinadziwe chimene chinkayamba, ndipo mawu enieni amene mayi anagwiritsa ntchito anatithawa tonse. Tinapeza mizere itatu, ndipo umodzi tinatsutsana.

Ndinafunsa ngati bambo ankapita nacho ku Madisi nthawi zina kukamvera pa makina a vidiyo aja. Ndinkafuna kumva kuti inde.

"Ndinawauzapo kangapo," anatero achemwali. "Ankakana. Ankati mwana wanga anati chisamagwiridwegwiridwe, tidikire wailesi yake. Galimoto ikaima pamsewu ankatuluka kukaona."

"Ndiye anachimva kangati?"

"Tsiku lija munabwera nacho, achimwene."

Ndinatulutsa pulasitiki ija m'thumba la chikhothi n'kuiika pabulangete. M'mphepete mwake munali mutatsala timabala tonyezimira tochepa. Achemwali anamaliza tiyi wawo, natenga makapu onse awiri, n'kuimirira. Pachitseko anatembenuka n'kuloza ndi chibwano.

"Chimenecho muli nacho ntchito? Mpheta zikutha mpiru kudimba. Ndikachipachike mawa."

"Tengani," ndinatero.